Kasamalidwe ka Galimoto Zothamanga Zomwe Zakalambira ku Neno

Galimoto zambiri zimene zimayenda m'misewu ya dziko lino zidayamba zatumikira anthu ena kunja. Zochuluka zimachokera ku Japan, komwe lamulo limakakamiza mwini galimoto kukaiyezetsa ikakwanitsa zaka zitatu, kenaka pakatha zaka ziwiri zilizonse. Kuyezetsako n'kokwera mtengo, choncho anthu ambiri kumeneko amangoigulitsa galimoto ikayamba kukula. Popeza a ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu ngati ife, galimotozo zimakwezedwa m'sitima zapamadzi mpaka ku Dar es Salaam kapena ku Durban, n'kulowa kuno kudzera pa Songwe kapena pa Mwanza. Pakati pa ma Probox ndi ma Sienta amene amabwera kudzanyamula anthu ndi katundu, pamakhalanso zina zimene adazipangira liwiro, monga Toyota Altezza yomwe idapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, Toyota Mark X yomwe idatuluka mu 2004, ndi Subaru Impreza. Achinyamata amene apeza kangachepe, kaya ku Joni kaya pa geni ya mbatatesi ndi manachesi, amazisirira kwambiri galimoto zimenezi, ndipo zina mwa izo zimafika mpaka ku Neno.

Nkhani ino ikufotokoza mmene munthu angasamalire galimoto yotere ikakalamba, makamaka pa nkhani ya oyilo ndi girizi. Mfundo yaikulu ndi yakuti buku la malangizo limene limabwera ndi galimoto lidalembedwa poganizira misewu ya phula ya kwawo. Munthu wa ku Neno akalitsatira osaganizira msewu umene amayendamo, injini imamufera m'manja.

Tisanapitirire, ndi bwino tigwirizane pa mawu. M'Chichewa, petulo ndi mafuta, dizilo ndi mafuta, ophikira ndi mafuta, odzolanso ndi mafuta. Munthu akanena kuti galimoto yatha mafuta, aliyense amamva kuti ikufuna petulo. Pofuna kupewa chisokonezo, m'nkhani muno tigwiritsa ntchito mawu amene amakaniko amagwiritsa ntchito: oyilo ndi uja wothira mu injini kapena mu giyabokosi, pamene girizi ndi uja wolimba ngati phala lozizira.

Ntchito ya oyilo

Mkati mwa injini muli zitsulo zimene zimazungulira ndi kukhulana maulendo zikwizikwi pa mphindi imodzi. Injini ya Altezza ya mtundu wa RS200 imatha kuzungulira koposa maulendo 7,000 pa mphindi. Chimene chimaletsa zitsulozo kudyana ndi kaoyilo kopyapyala kuposa tsitsi, kamene pampu imakankhira pakati pa kirankishafuti ndi mabering'i ake. Kaoyilo kameneka kakangoduka kwa masekondi ochepa, chitsulo chimakhudza chitsulo chinzake, zimatentha, n'kuyamba kusungunuka. Apa ndi pamene anthu amati injini yanoka, chifukwa cha phokoso la go! go! go! limene limamveka pansi pake. Oyilo amachotsanso kutentha pa mapisitoni, amatsuka mwaye ndi tizidutswa ta zitsulo n'kukazisiya mu fyuluta, komanso amatseka kampata ka pakati pa maring'i ndi khoma la silinda kuti mphamvu isapulumuke.

Oyilo satha ntchito chifukwa chakuti wada basi. Wa mu injini ya dizilo amada patangopita masiku ochepa, koma amakhala akadali wabwino. Chimene chimamupha ndi kutentha, petulo wodontherera kuchokera m'masilinda, chinyezi, ndiponso fumbi. Pa zinayi zimenezi, chimene chili chochuluka ku Neno ndi fumbi.

Boma la Neno, lomwe lidapatuka ku Mwanza mu 2003, lili ndi nkhope ziwiri. Kumadzulo kuli mapiri a Kirk Range, kwa Dambe ndi ku Nsambe, komwe kumazizira mpaka kulimidwa tirigu ndi mbatatesi. Kummawa kuli chigwa cha Shire, ku Lisungwi, Matope ndi Zalewa, komwe dzuwa la mu Okutobala limaswa mtengo. Misewu yambiri yolumikiza madera amenewa ndi yadothi. M'chilimwe galimoto ikamatsatira lole, imapuma fumbi lokhalokha kwa mtunda wautali. Fumbi limeneli ndi mchenga wosalala kwambiri, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa zitsulo zambiri za mu injini. Likalowa n'kusakanikirana ndi oyilo, limasanduka ngati mwala wonolera mpeni, n'kumadya maring'i ndi masilinda pang'onopang'ono. Mwini galimoto samva kanthu kufikira tsiku limene adzaone utsi kumbuyo.

Chishango cha injini pa fumbi ndi eyakilina, sefa ya pepala imene mpweya umadutsamo. Ambiri akaiona yadzaza amaimenyetsa pa tayala kapena kuipopera ndi mpweya wamphamvu. Kutero kumang'amba timabowo ta pepalalo, ndipo ngakhale sefayo ioneke yoyera, fumbi limayamba kudutsa mosavuta. Kuigwedeza mofatsa kamodzi kapena kawiri sikulakwa, koma ikatopa ndi kugula ina basi. Palinso chizolowezi cha okonda galimoto zothamanga chochotsa bokosi la eyakilina n'kuikapo kasefa kooneka ngati chipewa, ati kuti injini izilira bwino. M'tauni mwina zingatheke, koma pa msewu wopita kwa Ligowe kumeneko n'kuitanira mfiti m'nyumba. Paipi ya labala yochokera ku eyakilina nayo iyenera kupindidwa ndi dzanja n'kuonedwa bwinobwino, pakuti ikakalamba imang'aluka m'makwinya mwake, mosaoneka ndi maso a munthu wofulumira.

Mabuku a galimoto zambiri amanena kuti oyilo asinthidwe pakatha makilomita 10,000 kapena kuposerapo. Koma mabuku omwewo ali ndi ndime ina imene anthu saiwerenga, yonena za galimoto yoyenda m'fumbi, m'mapiri, kapena maulendo afupiafupi. Pamenepo amati mtundawo udulidwe pakati, ndiye kuti makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Galimoto iliyonse ya ku Neno ili m'gulu limeneli. Ndipo posintha oyilo, fyuluta nayo isinthidwe tsiku lomwelo, chifukwa kuthira oyilo watsopano pa fyuluta yakale kuli ngati kusamba n'kuvalanso zovala zakumunda.

Manambala a pa chigubu

Pa chigubu cha oyilo pamalembedwa manambala monga 5W-30, 10W-40, 15W-40 kapena 20W-50. Nambala yoyamba, ya chilembo cha W, imasonyeza mmene oyilo amayendera kukazizira: ikakhala yaing'ono ndiye kuti oyiloyo sachedwa kuyenda mmawa. Yachiwiri imasonyeza kulimba kwake injini ikatentha kufika madigiri 100. Palinso zilembo zina za bungwe la ku America la API. Zoyamba ndi S, monga SL, SM, SN ndi SP, ndi za injini za petulo, ndipo chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo ndiye kuti oyiloyo ndi wamakono. Zoyamba ndi C, monga CH-4 ndi CI-4, ndi za dizilo.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti injini yokalamba imafuna oyilo wolimba kwambiri. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi kachoonadi pang'ono. Injini ikadyeka, mipata ya pakati pa zitsulo imakula, ndipo oyilo wolimbirako amathandiza kuitseka. Choncho galimoto imene buku lake limati 5W-30, ikayenda makilomita oposa 200,000 n'kuyamba kumwa oyilo, kuisamutsira ku 10W-40 n'kwanzeru. Cholakwika ndi kudumpha mpaka ku 20W-50 kapena ku SAE 40 wa m'malole, ngakhalenso kusakanizamo oyilo wa mu giyabokosi monga amachitira ena akafuna kubisa utsi pogulitsa galimoto.

Chifukwa chake ndi ichi. Injini imadyeka kwambiri m'masekondi oyamba itangolizidwa, oyilo asanafike kumtunda. Mmawa wa mu Juni kwa Dambe, oyilo wa 20W-50 amakhala ngati uchi wogona panja, ndipo pampu imavutika kumukankha. Nthawi yonse imene akuchedwa m'njira, makamushafuti amakhala akuzungulira pouma. Komanso injini za Altezza ndi Mark X zili ndi chipangizo chotchedwa VVT-i, chimene chimasintha nthawi yotsegukira mavavu pogwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo yemweyo, kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ndi kasefa kochepa ngati nsonga ya chala. Oyilo wolimba kapena wamatope amatseka njira zimenezi, galimoto n'kuyamba kufooka pokwera phiri ndi kumwa petulo wambiri. Mwiniwake amagula mapulagi, amagula pampu ya petulo, amatha ndalama, pamene vuto lili m'chigubu chimene adagula yekha.

Subaru yokhala ndi turbo ndiye yosachedwa kukhumudwa. Turbo imazungulira koposa maulendo 100,000 pa mphindi, ndipo imayendetsedwa ndi utsi wamoto wochokera mu injini. Munthu akakwera phiri mwamphamvu n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo, oyilo wotsalira mu turbo amapserera n'kusanduka makala. N'chifukwa chake ndi bwino kuisiya injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse.

Nkhani ya mtengo sitingaizembe. Oyilo wa galimoto amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zochokera kunja idakwera koopsa. Pa nthawi zotere anthu amathamangira oyilo woyezedwa m'mabotolo a zakumwa pamsika. Wina mwa oyilo ameneyu ndi wabwino ndithu, wongotungidwa mu diramu, koma wina ndi wogwira kale ntchito amene wangosefedwa ndi nsalu. Ndi maso simungasiyanitse. Galimoto zimene tikukambazi zimalowa malita 4 mpaka 6 okha pa sevisi imodzi, ndipo ndalama imene munthu angapulumutse pamenepo singagule ngakhale maring'i okha a ovaholo. Chigubu chomata, chogulidwa pa filing'i siteshoni kapena m'sitolo yodziwika, ndicho chokhacho chimene munthu angachidalire.

Miyala ndi mitsinje

Galimoto yothamanga adaipanga yogwada kuti isagudubuzike pokhota. Mimba ya Altezza kapena Mark X imatalikirana ndi nthaka ndi masentimita 13 mpaka 16 okha, pamene Land Cruiser imapitirira 20. Chimene chili pansi penipeni ndi sampu, beseni losungira oyilo. Pa msewu wokumbika, matayala amalowa m'makwalala a malole, mimba n'kukhula pamtumbira wa pakati. Mwala ukaboola sampu, oyilo yense amatayika pa mtunda wosakwana kilomita. Nthawi zina sampuyo siibooka koma imangophwanyikira mkati n'kutsamira kukamwa kwa paipi imene pampu imayamwira oyilo. Kunja kulibe chodontha, kachitsulo koyezera kakusonyeza kuti oyilo ngodzaza, koma injini ikufa ndi ludzu. Wowotcherera zitsulo aliyense angathe kupanga chitsulo chotchinga pansi pa injini, ndipo kwa galimoto yokhala ku Neno chimenechi n'chofunika kuposa wailesi.

Kanyali kofiira kooneka ngati ketulo kakayaka galimoto ikuyenda, sikakutanthauza kuti mukawonjezere oyilo mukafika. Kakutanthauza kuti mphamvu yokankha oyilo yatha kale. Imani pomwepo, zimitsani injini, ngakhale kunyumba kukuonekera. Kuyang'ana oyilo kuyenera kuchitika mmawa uliwonse wa ulendo, galimoto itaima pathyathyathya, injini isanalizidwe. Kudzazitsa kupitirira chizindikiro chapamwamba nakonso n'koipa, chifukwa kirankishafuti imamenya oyiloyo mpaka kuchita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza zitsulo.

Dzinja limabwera ndi mavuto akeake. Mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi pamodzi ndi timakhwawa tothiramo imadzaza mofulumira mvula ikagwa kumapiri, monga zidaonekera pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Galimoto yogwada imayamwa mpweya chapansipansi, ndipo madzi akalowa m'silinda, pisitoni imalephera kuwapanikiza, mkono wake n'kupindika. Galimoto ikazimira m'madzi, musayese kuiliza. Ikokedwe, mapulagi achotsedwe, madzi atuluke. Ngakhale itawoloka bwinobwino, pali ngozi ina yobisika. Difu ndi giyabokosi zili ndi kabowo kopumira pamwamba pake. Zikalowa m'madzi ozizira zili zotentha, mpweya wamkati umanyala n'kukoka madzi kudzera pa kabowoko. Oyilo wosakanikirana ndi madzi amaoneka ngati tiyi wamkaka. Choncho mvula ikatha, mu Epulo kapena Meyi, ndi bwino kumasula kabawuti ka difu n'kuona mtundu wa oyilo wake. Difu imene yayamba kulira ngati mphepo ya mkuntho ndiye kuti mano ake adyeka kale.

Matope ndi miyala zimang'ambanso malabala otchinga ma CV joint ndi ma ball joint. Labala ameneyu ndi wotsika mtengo, koma akang'ambika girizi amamwazika, mchenga n'kulowa. Pakatha milungu yochepa mumamva kwa! kwa! kwa! pokhota. Wogwada pansi n'kuona labala wong'ambika msanga amangogula labala ndi girizi wakuda wa ma CV. Wochedwa amagula chitsulo chonse.

Za giyabokosi tingonena mwachidule. Ya manyuwo imafuna oyilo wa mtundu umene buku lanena, ndipo likati GL-4 musathire GL-5 wa mu difu, pakuti mankhwala ake amatha kudya timphete ta mkuwa tothandiza kulowetsa magiya. Ya otomatiki imafuna ATF, yemwe akakhala wabwino amaoneka wofiira. Akada n'kumanunkha chopserera ndiye kuti watha. Giyabokosi ya CVT ili ndi oyilo wakewake, ndipo kuthiramo ATF wamba ndi kuipha.

Kutsika phiri

Apa nkhani siikhalanso ya ndalama koma ya moyo. Wochokera kwa Dambe kutsikira ku boma, kapena wochokera ku boma kutsikira ku Lisungwi, amayenda mtunda wautali phazi lili pa buleki. Mabuleki akatentha, kutenthako kumafika ku madzi ake aja otchedwa brake fluid. Madzi amenewa akakhala atsopano sawira msanga: a DOT 3 amapirira mpaka madigiri 205, a DOT 4 mpaka 230. Koma ali ndi khalidwe loyamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhalitsa amatha kuwira pa madigiri 140 kapena 155 okha. Akawira amasanduka nthunzi, ndipo dalaivala akaponda, phazi limangofika pansi popanda chogwira. Galimoto zambiri zakale zikuyendabe ndi brake fluid yemwe adachoka naye ku Japan. Ayenera kukhetsedwa yense n'kuthira watsopano pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ndipo asathiridwemo oyilo wa mtundu wina uliwonse, ngakhale pangozi, chifukwa amatupitsa timalabala tonse ta m'mabuleki.

Pali madalaivala amene potsika amachotsa giya, ena mpaka kuzimitsa injini, pofuna kupulumutsa petulo. Chizolowezi chimenechi chidakula m'zaka zimene mafuta ankasowa, monga 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022, koma n'choika moyo pachiswe. Injini ikazima, mphamvu yothandizira mabuleki imatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero nacho chimalimba. Giya yachiwiri ndiyo imagwira galimoto potsika, mabuleki n'kumangothandizira. Ngakhale ya otomatiki ili ndi malo olembedwa 2 kapena L a ntchito yomweyi. Chodabwitsa n'chakuti injini za makono zimadula petulo zokha munthu akamatsika ali m'giya phazi litachoka pa moto, kotero wochotsa giya uja sapulumutsa kalikonse.

Kukwera nako kuli ndi zake, makamaka kuchigwa m'nyengo yotentha. Galimoto ikaboyila, anthu amathamangira kuchotsa thermostat n'kumathira madzi a pamjigo mu rediyeta. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umamatirira m'timapaipi ta rediyeta ngati zoyera zija zimamatirira m'ketulo, komanso amadya mutu wa injini womwe ndi wa aluminiyamu. Chofunika ndi coolant wosakaniza ndi madzi oyera monga a mvula osefa, chivindikiro cha rediyeta chogwira bwino, ndi kutsuka udzu ndi matope zimene zimatseka kumaso kwa rediyeta. Kuchotsa thermostat kumangobisa matenda, ndipo kumapiri kumachititsa injini kuyenda yozizira, petulo n'kumatsikira mu oyilo. Injini za Subaru zimadziwika ndi kupsa gasiketi zikatenthedwa, ndipo chizindikiro chake ndi madzi ochepa mu rediyeta popanda podontha, kapena thovu lotuluka m'kabotolo ka pambali.

Utsi umanena zambiri kwa wodziwa kuuwerenga. Wobiriwira ngati mtambo ndi oyilo amene akupsa: ukatuluka mmawa pokha n'kuleka, ndi timalabala ta mavavu; ukamatuluka nthawi zonse mukaponda moto, ndi maring'i. Woyera wambiri wosaleka ngakhale injini itatentha ndi madzi, kutanthauza gasiketi. Wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya, ndipo ku Neno woyamba kumuganizira ndi eyakilina.

Ukalamba wa galimoto umayambira m'malabala, osati m'zitsulo. Petulo wa m'dziko lino wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuchokera mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kumupanga, ndipo ethanol amaumitsa mapaipi a labala akale mpaka kung'aluka. Fungo la petulo pansi pa boneti si lozolowera ayi, ndi chenjezo la moto. Lamba wa taiming'i, amene ali mu Altezza ndi m'ma Subaru akale, amasinthidwa pakatha makilomita 100,000 kapena akakhalitsa zaka zambiri ngakhale mtundawo usanakwane. Mu Subaru ya turbo akaduka, mapisitoni amawomba mavavu, injini n'kutha pomwepo. Mark X ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, koma tchenicho chimadalira oyilo woyera kuti chisatamuke.

Wogula galimoto yakale asakhulupirire kwambiri manambala a mtunda amene akuoneka pa dashibodi, poti alipo amalonda amene amawabweza m'mbuyo. Njira yabwino ndi kuyamba mwatsopano: kusintha oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa difu, brake fluid, coolant ndi lamba wa taiming'i sabata yoyamba yomweyo, n'kulemba tsiku ndi makilomita m'kope losungidwa m'galimoto. Zipangizo za galimoto zothamanga sizipezeka wambawamba ngati za Corolla kapena Hiace. Kawirikawiri munthu amayenera kupita ku Blantyre, kukasakasaka ku Limbe kapena mu msika wa Ndirande, galimoto ili pamiyala kumudzi. Choncho fyuluta ya oyilo, eyakilina, fanibeluti ndi lita imodzi ya oyilo ndi zinthu zogulira limodzi pa ulendo umodzi n'kusunga m'buti.

Oyilo wokhetsedwa asatayidwe pansi kapena m'khwawa, chifukwa ali ndi poizoni amene amatsikira m'zitsime ndi m'mitsinje momwe anthu ndi ziweto amamwa, ndipo mitsinje yonse ya ku Neno imathera mu Shire. Asapakidwenso pa zilonda za ng'ombe kapena pa khungu la munthu monga amachitira ena. Asungidwe m'chigubu chotseka bwino, cholembedwa kuti ndi wakale, patali ndi ana, kufikira tsiku lopita naye ku galaja imene imasonkhanitsa oyilo wotere.